Dokotala Amene Ankafuna Kumeretsa Mitsempha M'miyendo

Anzanga, sabata ino tiyeni timudziwe Jeffrey Isner, dokotala wa mtima wa ku America. Anabadwa mu 1947 ndipo ankagwira ntchito pachipatala cha St. Elizabeth's mumzinda wa Boston.

Pachipatalapo pankabwera anthu amene mitsempha yawo ya magazi ya m'miyendo inatsekeka, vuto lomwe limakonda odwala shuga ndi osuta fodya. Magazi akapanda kufika kuphazi, phazilo limazizira, limawawa ngakhale munthu ali chigonere, kachilonda kakang'onong'ono sikapola, kenako zala zimada n'kuyamba kuola. Opaleshoni ikakanika, chotsala n'kudula mwendo basi.

A Isner sankafuna kuti zizithera pamenepo. Msewu ukaduka nthawi ya dzinja, si timatulukira tinjira ta m'mbali? Nalo thupi lili ndi puloteni yotchedwa VEGF imene imachititsa mitsempha kuphuka nthambi zatsopano. Iwo anaganiza zoika m'mwendo jini yopangitsa puloteniyo, kuti maselo a wodwalayo aziipanga okha. Musaope, sindikunena majini a ziwanda ayi, koma aja a mu Biology. Anayamba kuyesa pa akalulu, ndipo mu 1994 anafika pa anthu. Mu 1998 gulu lawo linalengeza za odwala 9 amene anawabaya jiniyo m'minofu ya mwendo. Atatu mwa iwo anali atauzidwa kale kuti adulidwa mwendo, koma miyendo yawo inapulumuka. Tangoganizani chimwemwe chake!

Mu 1997, pamodzi ndi Takayuki Asahara wa ku Japan, anapezanso m'magazi a anthu akuluakulu maselo amene amathandiza kupanga mitsempha yatsopano. Apa m'pamene ena anayambira kuyesa kuchiza miyendo ndi maselo.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Mu 2000 bungwe la boma loona za mankhwala, FDA, linaimitsa kafukufuku wawo powadzudzula kuti sanatsate malamulo ena oteteza odwala. Kwa ine bungweli silinalakwe, chifukwa wodwala si kalulu. Komanso odwala 9 ndi ochepa kwambiri, ndipo kafukufuku wamkulu amene ena anadzachita pambuyo pake sanaonetse zotsatira zabwino ngati zoyambazo.

A Isner anamwalira mwadzidzidzi pa 31 Okutobala 2001 ali ndi zaka 53. Chinawapha ndi nthenda ya mtima, yomwe iwo ankachiza anthu ena. Patatha zaka 10, dziko la Russia linavomereza mankhwala a jini ya VEGF othandiza miyendo, otchedwa Neovasculgen.