Mbiri ya James Frederick Sangala wa ku Naisi

Tengani ndalama ya pepala ya K100 muyang'anitsitse nkhope imene ili pamenepo. Ophunzira ambiri ukawafunsa kuti munthuyu ndani amangoti ndi mfumu ina yake, ena amati ndi mbusa. Sadali mfumu ndipo sadali mbusa. Ameneyu ndi James Frederick Sangala, mwana wa ku Naisi m'boma la Zomba, amene pa moyo wake adakhalapo mphunzitsi, kalaliki, womasulira m'khoti, mwini bizinesi ya njerwa komanso pulezidenti wa chipani cha Nyasaland African Congress. Powerenga mbiriyi kumbukirani kuti mbiri si nthano. M'nthano mlembi ali ndi ufulu womuumba mpangankhani mmene akufunira, koma m'mbiri timamutenga munthuyo mmene adalili, ndi mphamvu zake ndi zofooka zake zomwe. Tsono tcherani khutu ku zinthu zitatu zimene timazifufuza m'nkhani ina iliyonse: malo, nthawi ndi mkangano.

Ubwana ndi maphunziro

Sangala adabadwa cha m'ma 1900 ku Naisi, kufupi ndi mishoni ya Domasi. Panthawiyo ulamuliro wa Angerezi udali usadathe ngakhale zaka khumi m'dziko muno, paja udakhazikitsidwa mu 1891, ndipo dzina loti Nyasaland lidadza pambuyo, mu 1907. Likulu la boma lidali ku Zomba komweko. Mishoni ya Domasi idatsegulidwa mu 1884 ndi amishonale a Church of Scotland ochokera ku Blantyre, motsogozedwa ndi Alexander Hetherwick. Ndiye mwana wobadwira ku Naisi adakula akuona zinthu ziwiri pafupi: mbali ina tchalitchi ndi sukulu, mbali ina maofesi a bwanamkubwa ndi asilikali ake.

Adaphunzira pa Domasi mpaka Sitandade 6. Musapeputse Sitandade 6 ya masiku amenewo poiyerekeza ndi ya lero. Sekondale m'dziko muno kudalibe mpaka m'zaka za m'ma 1940, choncho munthu wofika pamenepa adali atafika pamapeto pa sukulu imene wakuda akadaipeza kwawo kuno. Mu 1923 adapatsidwa setifiketi ya uphunzitsi ndipo adaphunzitsa mpaka cha mu 1927.

Pamene John Chilembwe adaukira atsamunda mu 1915, Sangala adali mnyamata wa zaka pafupifupi 15. Mbadwo wake udaona mmene kuukirako kudathera: Chilembwe adaphedwa, omutsatira ambiri adanyongedwa kapena kuwomberedwa, tchalitchi cha ku Mbombwe chidagumulidwa. Anthu ophunzira a mbadwo umenewu adasankha njira ina, ya mabungwe, misonkhano ndi makalata opita ku boma. Mukamvetsa mfundo imeneyi simudabwa ndi zochita za Sangala m'tsogolomu.

Ku Blantyre

Atasiya choko adapita kukafuna ntchito kwa amalonda a ku Blantyre ndi Limbe, uku ukalaliki, uku ukapitawo, kwina kusunga mabuku a ndalama. Sadakhazikike pamodzi. Mu 1930 adalowa ntchito ya boma ndipo kwa zaka 12 adali kalaliki m'maofesi osiyanasiyana a boma ku Blantyre. Mu 1942 adakhala womasulira ku khoti lalikulu.

Tiyeni tiime kaye pa malowa, chifukwa Blantyre wa nthawi imeneyo si Blantyre amene mukumudziwa inu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, bwanamkubwa woyamba Harry Johnston adapereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu ndi makampani awo, kotero kuti gawo lalikulu la nthaka yabwino ya m'mapiri a Shire lidagwera m'manja mwa eni ochepa, monga kampani ya Mandala, British Central Africa Company ndi A.L. Bruce Estates ya ku Magomero. Munthu wakuda wokhala pa malo oterowo ankalipira malowo ndi thukuta lake, ndiye thangata lija mumalimva m'mbiri. M'tauni namonso zinthu zidali zogawikana. Azungu adali ndi madera awo, amwenye adali ndi masitolo awo, ndipo akuda ambiri ogwira ntchito ankagona m'midzi yozungulira tauni monga Ndirande, n'kumalawirira wapansi m'mawa uliwonse. Usiku wakuda sankaloledwa kuyenda m'tauni popanda chitupa. M'masitolo ena ankagulira pawindo. Akakumana ndi mzungu panjira ankayembekezeka kuvula chipewa.

Tangoganizani tsono munthu amene masana akumasulira mawu a woweruza, akudziwa malamulo kuposa azungu ena amene akuwavulira chipewa, koma dzuwa likalowa ayenera kusonyeza chitupa kwa wapolisi. Mkangano wa m'mbiri ya Sangala wagona pamenepa.

Kubadwa kwa Kongeresi

Mabungwe a anthu akuda adalipo kale. Loyamba lidali North Nyasa Native Association la mu 1912, limene mmodzi mwa atsogoleri ake adali Levi Zililo Mumba. Pambuyo pake mabungwe otere adabuka m'maboma ambiri ndipo m'zaka za m'ma 1930 Sangala adali mmodzi mwa atsogoleri a gulu limeneli ku Blantyre. Vuto lidali lakuti bungwe lililonse linkalira maliro akeake. A ku Karonga alemba kalata yawo, a ku Mulanje yawo, a ku Zomba yawo, ndipo boma silinkavutika kuyankha mmodzimmodzi kapena kungokhala chete. Mutu umodzi susenza denga.

Mu 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati ndipo anyamata ambiri a kuno ali kunkhondo m'gulu la King's African Rifles, Sangala adayamba kulemba makalata oitana atsogoleri a mabungwe onse kuti apange bungwe limodzi la dziko lonse. Mzungu wina wa maganizo osiyana ndi anzake, W.H. Timcke, adamulimbikitsa pa ntchitoyi. Poyamba bungwelo lidatchedwa Nyasaland Educated African Council, dzina losonyeza kuti ndi la anthu ophunzira okha. Sangala sadakondwe nalo dzinali. Adaumirira kuti bungwe lolankhulira dziko silingatsekere kunja mlimi, mmisiri ndi wantchito wa pa esiteti chifukwa choti sadapite kusukulu, ndipo patangotha miyezi yochepa dzina lidasintha kukhala Nyasaland African Congress. Kwa ine, pa zonse zimene munthuyu adachita, chachikulu ndi chimenechi. Iye mwini adali wophunzira ndipo dzina loyambalo likadamukweza, koma adalikana.

Pa msonkhano wa mu May 1944 Sangala ndiye adagwirizira udindo wa mlembi. Koma pamene msonkhano waukulu wokhazikitsa chipani unkachitika ku Blantyre mu October chaka chomwecho, mwini wake wa ganizoli padalibe. Boma lidali litamusamutsira ku Dedza. Wantchito wa boma amapita kumene watumidwa, basi. Levi Mumba adasankhidwa kukhala pulezidenti woyamba ndipo Sangala adamusankha kulowa m'komiti yaikulu iye kulibe.

Sangala ankakonda kunena za kumenyera ufulu, mawu amene ankawadetsa nkhawa akuluakulu a boma. Iye ankawafotokozera kuti sakunena za mfuti kapena mikondo ayi, koma kukana mwamtendere malamulo onyoza munthu wakuda, monga aja a chitupa ndi oletsa kuyenda usiku.

Chipanicho sichidayende bwino m'zaka zoyamba. Mumba adamwalira mu January 1945, atangotsogolera miyezi itatu. Adalowa m'malo mwake ndi Charles Matinga, amene utsogoleri wake udathera m'nkhani za kusokonekera kwa ndalama za chipani. Dr Hastings Kamuzu Banda, amene panthawiyo adali dokotala ku England ndipo ankatumiza thandizo la ndalama, adapereka ganizo loti chipani chilembe mlembi wolipidwa wogwira ntchito tsiku lonse, koma nthumwi zidakana. Pofika 1950 chipani chidali chitatsala pang'ono kufa. Mu August chaka chimenecho, pa msonkhano wa ku Mzimba, James Chinyama adasankhidwa kukhala pulezidenti ndipo Sangala adakhala wachiwiri wake.

Njerwa

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 Sangala adapuma pa ntchito ya boma n'kuyamba kudalira bizinesi yake youmba njerwa. Mabuku ambiri amangoitchula nkhaniyi m'chiganizo chimodzi n'kudutsa, koma ili ndi zambiri zotiuza.

Choyamba, njerwa idali ndi tanthauzo m'dziko la atsamunda. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, njerwa zake zidaumbidwa ndi kuwotchedwa ndi manja a anthu akuda. Luso lidalipo kuyambira kale, koma nyumba za njerwa zambiri zidali za mishoni, za boma ndi za eni masitolo. Wakuda akamanga ya njerwa zowotcha n'kufolera malata, mudzi wonse unkadziwa kuti uyu watukuka. Nkhondo itatha, matauni a Blantyre ndi Limbe adayamba kukula msanga, mpaka adaphatikizidwa kukhala tauni imodzi mu 1956. Boma, makampani ndi amalonda ankamanga maofesi, masitolo ndi nyumba za antchito, ndipo chilichonse mwa zimenezi chinkafuna njerwa. Malo a pakati pa tauni ndi ngongole za kubanki sizidali zapafupi kwa munthu wakuda, choncho khomo limene lidali lotseguka pa ntchito ya zomangamanga lidali lomweli: kugulitsa zomangira kwa amene ali ndi malo.

Chachiwiri, amene mudaumbako njerwa patchuthi mukudziwa kuti ntchitoyi simafuna mwini wake achoke. Pafunika dothi labwino, madzi pafupi, anyamata opondaponda matope ndi oumba ndi chikombole. Njerwa ziyanikidwe, zifunditsidwe udzu kuti zisang'aluke ndi dzuwa, kenako zisanjidwe pa uvuni. Nkhuni zigulidwe zokwanira, ndipo moto ukayatsidwa pafunika kuusonkhezera usiku ndi usana mpaka njerwa zipse. Mukalakwitsa pamenepa, zina zimatuluka zosapsa, zina zopserera, ndipo ndalama yalowa m'madzi. Zonsezi ziyenera kutha mvula isadagwe. Tsono miyezi ya chilimwe yomweyo, pamene misewu ili youma, ndiyonso nthawi yabwino yoyendera nthambi za chipani m'maboma. Munthu mmodzi sangakhale pa uvuni ndi pa msonkhano nthawi imodzi.

Komabe bizinesiyi idamupatsa chinthu chimene ukalaliki udamumana. Woumba njerwa palibe bwana amene angamulembere kalata yomusamutsira ku Dedza.

Chitaganya ndi upulezidenti

Mu 1953 boma la Britain lidaphatikiza Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia m'chitaganya, ngakhale mafumu ndi Kongeresi adakana poyera. Anthu a kuno ambiri adali atagwirako ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ndipo tsankho la kumeneko ankalidziwa bwino. Kongeresi idalimbikitsa anthu kukana kumvera malamulo ena mwamtendere. Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu idachotsedwa pa udindo chifukwa chotsatira njira imeneyi, ndipo mu August chaka chomwecho zipolowe zidabuka ku Thyolo n'kufalikira m'maboma ena a kum'mwera, anthu 11 n'kufa. Chitaganya chidakhazikitsidwabe, ndipo anthu ambiri adataya mtima ndi chipani.

Sangala adasankhidwa kukhala pulezidenti mu January 1954, pamene mpandowo sudali wosiririka. Anthu ankamutcha Pyagusi, kutanthauza munthu wopirira, wosagwa mphwayi. Adapitiriza kutsutsa chitaganya, koma adavomera kuti mamembala awiri a chipani, Manoah Chirwa ndi Clement Kumbikano, akakhale m'nyumba ya malamulo ya chitaganyacho ku Salisbury. Apa ndiye padali pofooka pake. Ungakane bwanji nyumba uku ana ako akudyera momwemo? Omuikira kumbuyo ankati ndi bwino mawu a Nyasaland akamveke m'katimo kusiyana ndi kusiya mipandoyo kwa anthu ovomereza chitaganya. Achinyamata sadaimve mfundo imeneyi.

Achinyamatawo adali a mtundu wina. Henry Masauko Chipembere adali ndi digiri ya ku Fort Hare ku South Africa, Kanyama Chiume adaphunzira ku Makerere ku Uganda. Onse awiri adalowa m'nyumba ya malamulo ya ku Zomba pa chisankho cha 1956 ndipo ankalankhula mosaopa, zimene zidakopa anthu. Kwa iwo, njira ya makalata aulemu ndi nthumwi idali itatha ntchito. Koma tisathamangire kumuyesa wamantha Sangala, chifukwa mu May 1956 boma lidamuimika m'khoti pa mlandu woukira boma, pomuganizira kuti adalangiza mlembi wamkulu wa chipani, T.D.T. Banda, kukapereka chikalata chodzudzula boma kwa mkonzi wa nyuzipepala ya Nyasaland Times. Munthu amene kale ankamasulira milandu ya ena tsopano adali woyankha mlandu.

Mu January 1957 anzake adamupempha kuti atule pansi udindo ndipo adatula. T.D.T. Banda adalowa m'malo mwake, koma nayenso sadakhalitse. Pa 6 July 1958 Dr Banda adatera pa Chileka ndipo mwezi wotsatira adatenga utsogoleri wa chipani pa msonkhano wa ku Nkhata Bay. Pa 3 March 1959 boma lidaletsa Kongeresi n'kumanga atsogoleri ake, ndipo m'malo mwake mudabadwa Malawi Congress Party, imene idalandira ufulu wa dziko mu 1964.

Sangala adauona ufuluwo ali munthu wamba, wopanda mpando m'boma latsopano. Adamwalira mu 1974, nthawi imene dzina lomveka pa nkhani ya kumasula dziko lidali limodzi lokha. Nkhope yake idaikidwa pa K100 mu 2012, patatha zaka 38 chimwalirireni.