M'mera Mpoyamba: Franklin Roosevelt M'nyumba ya Malamulo ya New York

Dzina la Franklin Delano Roosevelt ndi lodziwika m'masukulu ambiri chifukwa iye ndiye adatsogolera dziko la America pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, ndiponso chifukwa ndi munthu yekhayo amene adasankhidwa kanayi kukhala mtsogoleri wa dzikolo. Koma mabuku ambiri amangodutsa mothamanga pa zaka ziwiri zimene iye adakhala phungu wamba m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha New York. Komatu m'zaka zimenezo ndi m'mene adaphunzira ntchito imene idadzamufikitsa ku White House.

Dziko la America lidagawidwa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake ndi nyumba yake ya malamulo. Nyumba ya chigawo cha New York imakumana mumzinda wa Albany, ndipo ili ndi zipinda ziwiri, Assembly ndi Senate. Phungu wa m'chipinda chachiwirichi amatchedwa seneta wa chigawo, kusiyana ndi seneta wa dziko lonse amene amakhala ku Washington. Masiku amenewo maseneta a ku Albany adalipo 51, ndipo ankasankhidwa zaka ziwiri zilizonse.

Roosevelt adabadwa pa 30 Januwale 1882 ku Hyde Park, m'boma la Dutchess, m'mbali mwa mtsinje wa Hudson. Makolo ake, James ndi Sara, adali anthu olemera. Adaphunzira ku Groton ndi ku Harvard, kenaka adachita maphunziro a zamalamulo ku Columbia. M'chaka cha 1905 adakwatira Eleanor, mwana wa mbale wake wa Theodore Roosevelt, amene pa nthawiyo adali mtsogoleri wa dziko. Ntchito ya uloya mumzinda wa New York siidamukondweretse. Mtima wake udali pa ndale, ndipo ngakhale Theodore adali wa chipani cha Republican, Franklin adatsata bambo wake nakhala wa chipani cha Democratic.

M'chaka cha 1910 atsogoleri a chipanichi ku Poughkeepsie adamupempha kuti aimire dera lachisankho la 26, lomwe lidali ndi maboma atatu: Dutchess, Columbia ndi Putnam. Iwo sadamupatse mpandowu chifukwa chomukhulupirira kwambiri ayi. Deralo lidali la alimi amene kwa zaka zambiri ankavotera chipani cha Republican, kotero kuti andale odziwa zinthu sankalifuna. Mnyamata wa zaka 28, wa dzina lotchuka ndiponso wotha kudzilipirira yekha zonse zofunika pokopa anthu, adaoneka woyenera kumutumiza kukagonja.

Iye sadapite kukagonja. Adachita hayala galimoto yofiira ya mtundu wa Maxwell, yopanda denga, nayamba kuyendera midzi imene andale ena sankafikako. Alimi ambiri ankadana ndi galimoto chifukwa zinkadzidzimutsa akavalo. Tsono Roosevelt akakumana ndi ngolo pa msewu, ankaimitsa galimoto ndi kuzimitsa injini, ndipo mpata umenewo ndiwo ankachezera ndi mwini ngoloyo. Kwa milungu inayi adalankhula m'magolosale, pa mphambano ndi m'minda, akudzudzula mabwana a zipani zonse ziwiri amene ankalamulira aphungu mseri. Mwayi udamugweranso chifukwa chaka chimenecho chipani cha Republican chidali chogawanika. Pa 8 Novembala 1910 adapeza mavoti 15,708 pamene John F. Schlosser, amene adali pa mpandowo, adapeza 14,568. Kusiyana kwake kudali mavoti 1,140 okha.

Atangofika ku Albany mu Januwale 1911, adapezeka pakati pa mkangano waukulu. Nthawi imeneyo maseneta a ku Washington sankasankhidwa ndi anthu wamba, koma ndi nyumba za malamulo za m'zigawo. Popeza chipani cha Democratic chidali chitapambana, mpando wa New York udali wake. Koma mphamvu zenizeni za chipanicho zidali m'manja mwa bungwe la Tammany Hall la mumzinda wa New York, lotsogozedwa ndi Charles F. Murphy. Bungweli linkathandiza anthu osauka ndi alendo ongofika kumene m'dzikomo kupeza ntchito ndi malo ogona, ndipo malipiro ake adali mavoti. Linkatchukanso ndi katangale. Murphy adasankha William F. Sheehan, loya wolemera wogwirizana ndi makampani akuluakulu, nayembekeza kuti aphungu angovomereza.

Lamulo la chipani lidali lakuti aliyense wopezeka pa msonkhano wosankha munthu woimira chipanicho ayenera kuvotera amene wasankhidwa, afune asafune. Aphungu pafupifupi 20 adaona kuti njira yokhayo yokanira ndi kusapita ku msonkhanowo, ndipo popanda iwo Sheehan sakadapeza mavoti okwanira. Roosevelt adalowa m'gululi ndipo posakhalitsa adakhala wolilankhulira. Iye adali atachita lendi nyumba yaikulu pafupi ndi nyumba ya malamulo, chinthu chimene aphungu olandira madola 1,500 pa chaka sakadatha. Choncho oukirawo ankasonkhana kwa iye tsiku ndi tsiku, mpaka utsi wa fodya udachititsa Eleanor kusamutsira ana ku chipinda chapamwamba.

Kukanganaku kudatha milungu khumi. Aphungu ankavota mobwerezabwereza osapezeka wopambana, ntchito zina za boma zitaima, ndipo oukirawo ankaopsezedwa kuti ndale zawo zathera pomwepo. Pa 29 Malichi moto udaononga mbali ina ya nyumba ya malamulo, aphungu otopawo nayamba kukumana mothinana m'holo ya mzinda. Patapita masiku awiri Murphy adatchula dzina lina, la woweruza milandu James A. O'Gorman, ndipo iyeyu adasankhidwa. Roosevelt adalengeza kuti gulu lake lapambana, pakuti Sheehan adagwa. Ena adaseka, chifukwa O'Gorman adali munthu wa Tammany Hall kuposa Sheehan. Zoona zake n'zakuti aliyense adapatapo kanthu: Murphy adasunga mphamvu zake, pamene phungu wachinyamatayo adatuluka dzina lake litamveka m'nyuzipepala za dziko lonse. Mikangano yotere m'zigawo zambiri ndiyo idafulumizitsa kusintha kwa malamulo a dziko m'chaka cha 1913, pamene anthu wamba adapatsidwa mphamvu yosankha okha maseneta a ku Washington.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, Roosevelt adali wapampando wa komiti yoona za nkhalango, nsomba ndi nyama zakutchire. Adabweretsa lamulo loletsa kudula mitengo yaing'ono m'mapiri a Adirondack, ngakhale pa malo a eni ake. Adaitana katswiri wa zankhalango Gifford Pinchot, amene adaonetsa aphungu zithunzi za chigwa china cha ku China chimene chidasanduka chipululu mitengo itatha. Makampani ocheka matabwa adalimbana nalo lamulolo mpaka lidadutsa litachotsedwa mano. Koma maganizo amenewa sadamuchokere, ndipo m'chaka cha 1933, ali mtsogoleri wa dziko, adakhazikitsa bungwe la Civilian Conservation Corps limene lidalemba ntchito anyamata osowa chochita, nabzala mitengo pafupifupi 3 biliyoni.

Zofooka zake nazonso zidaonekera. Pa 25 Malichi 1911 moto udapha anthu 146, ambiri a iwo atsikana, m'fakitale yosoka zovala ya Triangle mumzinda wa New York. Amene adatsogolera kufufuza ndi kukonza malamulo oteteza antchito adali Robert F. Wagner ndi Alfred E. Smith, ana a Tammany Hall yomwe Roosevelt ankainyoza ija. Mayi Frances Perkins, amene ankalimbikira lamulo lochepetsa maola ogwira ntchito amayi ndi ana kuti asapitirire 54 pa mlungu, adamuona seneta wa ku Hyde Park ngati munthu wodzimva, wosalabadira kwenikweni mavuto a anthu osauka. Patapita zaka 22 Roosevelt yemweyo adasankha mayiyu kukhala nduna ya zantchito, mkazi woyamba kukhala nduna m'dzikolo.

Chisankho cha 1912 chidamupeza ali gone ndi matenda a taifodi, osatha kulankhula pa msonkhano ndi umodzi womwe. Adaitana mtolankhani Louis Howe kuti amuyendetsere zonse. Howe adatumiza makalata zikwizikwi kwa alimi m'dzina la Roosevelt, olonjeza lamulo loletsa amalonda a mumzinda kubera alimi pa mitengo ya zokolola zawo. Roosevelt adapambananso, ndipo kusiyana kwa mavoti kudakula kuposa kwa 1910. Kuyambira pamenepo Howe adakhala mlangizi wake mpaka imfa yake m'chaka cha 1936. Chaka chomwecho cha 1912 Roosevelt adathandiza Woodrow Wilson, amene Tammany Hall siinkamufuna, ndipo Wilson atapambana adamupatsa udindo wa wachiwiri kwa nduna yoona za asilikali a pamadzi. Pa 17 Malichi 1913 adayamba ntchito yatsopanoyo, natula pansi useneta.

Phunziro lomaliza la ku Albany adalimvetsa mochedwerapo. M'chaka cha 1914 adafuna kuimira chipani chake pa mpando wa seneta wa ku Washington popanda Tammany Hall, ndipo James W. Gerard adamugonjetsa ndi mavoti oposa kuwirikiza kawiri. Apo ndi pamene adazindikira kuti mutu umodzi susenza denga, nayamba kuyanjana ndi anthu amene kale ankawapeputsa. M'chaka cha 1920 adagonjanso ataima ngati wachiwiri kwa James M. Cox, ndipo chaka chotsatira matenda amene madokotala adati ndi poliyo adamupuwalitsa miyendo. Atabwerera m'ndale sadagonjenso. Adasankhidwa kukhala bwanamkubwa wa New York m'chaka cha 1928 ndi mavoti oposa a mnzake pafupifupi 25,000, ndipo mu 1930 kusiyanako kudafika pafupifupi 725,000. Adagonjetsa Herbert Hoover mu 1932, Alf Landon mu 1936, Wendell Willkie mu 1940 ndi Thomas Dewey mu 1944.

Roosevelt adamwalira pa 12 Epulo 1945 ku Warm Springs, m'chigawo cha Georgia, ndipo adaikidwa m'munda wa maluwa kwawo ku Hyde Park. Pa zisankho zinayi zimene dziko lidamupatsa utsogoleri, boma lakwawo la Dutchess, limene lidamutumiza ku Albany ali mnyamata, silidamuvotere ndi kamodzi komwe.