John Buchanan wa ku Zomba

Ana inu a ku Matawale, mukaona nyumba yakale ya Masongola patsinde pa phiri la Zomba, dziŵani kuti adaimanga ndi John Buchanan. Iyeyu adachokera ku Scotland, nafika pa Mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1876 kudzagwira ntchito ya m'dimba. Mu 1881 Mpingo udamchotsa ntchito pa mlandu wa nkhanza zimene anthu akuda adachitiridwa pamishonipo. Sadabwerere kwao ai. Adakhazikika ku Zomba, nalima khofi ndi nzimbe m'mbali mwa Mulunguzi, natenganso malo aakulu. Adamwalira ku Chinde, ku Mozambique, mu 1896.

Khama lake lidabala chuma, koma chumacho sichidafafanize mlandu uja. Nanga inu, anthu adzakukumbukirani ndi chiyani?