Bambo Damien wa ku Molokai, wansembe wa odwala khate

Lolemba la Sabata Loyera ndi tsiku limene ambirife sitiliwerengera kwenikweni. Kanjedza wa dzulo lake amakhala atayamba kufota, Lachinayi Loyera likadali patsogolo, ndipo ife a kwaya timakhala tili kalikiliki ndi nyimbo za masiku atatu akuluakulu aja. Koma m'chaka cha 1889 linali tsiku lomweli, pa 15 Epulo, pamene wansembe wa ku Belgium, Damien De Veuster, anatsirizika pa chilumba cha Molokai, pakati pa nyanja ya Pacific. Anali ndi zaka 49, ndipo pafupifupi 16 mwa zaka zimenezo anazithera pakati pa anthu odwala khate amene boma linawachotsa m'midzi yawo. Nthenda yomweyo ndiyo inamutenga. M'Lenti muno, pamene tikukumbutsana za kupemphera, kusala ndi kuthandiza osowa, tiyeni tiyende naye pang'ono.

Anabadwa pa 3 Januwale 1840 ku Tremelo, mudzi wa alimi kufupi ndi mzinda wa Leuven, ndipo dzina lake la ubatizo linali Jozef. Makolo ake ankafuna kuti adzatenge ulimi ndi malonda a mbewu a pabanjapo, motero anamutumiza kusukulu ku Braine-le-Comte kuti akaphunzire Chifalansa. Mnyamatayo anasankha kutsata mkulu wake Pamphile m'chipani cha Mitima Yoyera ya Yesu ndi Maria. Akuluakulu a chipanicho poyamba sanaone wansembe mwa iye. Anaona mnyamata wamphamvu, wa manja a khasu, wosadziwa Chilatini, woyenera kukhala bulazala wogwira ntchito zamanja. Mkulu wake ndiye anamuphunzitsa Chilatinicho mpaka akuluakulu aja anasintha maganizo. Pochita malumbiro ake ku Paris mu 1860, anagona pansi n'kufunditsidwa nsalu yakuda ya maliro, monga mwa mwambo wa chipanicho, kusonyeza kuti moyo wake wakale watha.

Mu 1863 Pamphile anasankhidwa kupita ku mishoni ya ku Hawaii, koma anagwidwa ndi nthenda ya typhus ulendo usanayambe. Damien, yemwe anali asanadzozedwe n'komwe, analembera kalata mkulu wa chipani chonse ku Paris kupempha kuti apite m'malo mwa mbale wake, osadzera kwa mkulu wa nyumba imene ankakhalamo. Ife amene tinakalambira m'maofesi a boma tikudziwa kuti kalata yodumpha mkulu wa pafupi siyiwalika msanga, ndipo khalidwe limeneli lidzaonekanso m'nkhani yake. Pempholo linavomerezedwa. Sitima yawo inazungulira Cape Horn, ndipo itayenda miyezi yoposa inayi inafika ku Honolulu pa 19 Malichi 1864. Pa 21 Meyi chaka chomwecho anadzozedwa unsembe. Kwawo sanadzakuonenso. Zaka zisanu ndi zinayi zoyamba anatumikira pa chilumba chachikulu cha Hawaii, ku Puna, kenako ku Kohala ndi Hamakua, kuphunzira chiyankhulo cha eni dziko ndi kumanga matchalitchi ang'onoang'ono ndi manja ake.

Masiku amenewo Hawaii unali ufumu wodziimira pawokha, koma anthu ake ankatha ndi matenda obwera ndi sitima za alendo: nthomba, chikuku, chindoko, kenako khate. Mu 1865, pa ulamuliro wa Mfumu Kamehameha V, boma linakhazikitsa lamulo lopatula odwala khate. Malo amene linasankha ndi kachigwa kotulukira m'nyanja kumpoto kwa Molokai, kozingidwa ndi madzi mbali zitatu, ndipo mbali yachinayi ndi phompho la mamita mazanamazana. Ndende imeneyi sinkafuna mpanda. Odwala oyamba anatsitsidwa kumeneko mu Januwale 1866 n'kukakhala pa Kalawao. Akuluakulu a zaumoyo ankaganiza kuti anthuwo azidzilimira okha chakudya, osalingalira kuti munthu amene zala zake zikutha sangagwire khasu. Chotsatira chake chinali njala, nyumba zodontha, uchidakwa, ana opanda wowasamala, ndi mitembo yokwiriridwa pamwambamwamba mpaka nkhumba kumaifukula.

Tisamanene nkhaniyi ngati kuti chifundo chinafika kumeneko ndi mzungu. Pakati pa Ahawaii, kutaya wodwala chinali chinthu chochititsa manyazi, monga momwe zilili kwathu. Amuna, akazi ndi makolo ambiri athanzi labwino anadzipereka kupita nawo abale awo odwala, akudziwa kuti mwina sadzabwerako. M'chiyankhulo chawo ankatchedwa kokua, kutanthauza othandiza. Akhristu a Chipulotesitanti anali kale ndi mpingo wawo wa Siloama, ndipo tchalitchi cha Akatolika cha Filomena Woyera chinamangidwa Damien asanafike. Chimene Akatolika analibe ndi wansembe wokhala nawo.

Mu Meyi 1873, Ambuye Louis Maigret, episkopi wa zilumbazo, anafotokozera ansembe awo za vutoli, koma sanafune kulamula munthu kupita kumene kukanakhala imfa yake. Ansembe anayi anadzipereka, ndipo panagwirizanidwa kuti azisinthana. Damien ndiye anayamba. Anafika pa 10 Meyi 1873, wopanda nyumba, nagona masabata angapo patsinde pa mtengo wa pandanus pambali pa tchalitchi. Posakhalitsa analembera akuluakulu ake kuti akufuna kukhala komweko, ndipo nkhani ya kusinthana inathera pomwepo. Chaka chomwecho, kutali ku Bergen m'dziko la Norway, dokotala Gerhard Armauer Hansen anaona koyamba kachilombo koyambitsa khate. Mankhwala ochiza anali akadali kutali, zaka pafupifupi 70 m'tsogolo.

Ntchito ya Damien inali ya manja kwambiri kuposa ya pakamwa. Anatsuka ndi kumanga zilonda. Pamodzi ndi odwala amene anali ndi mphamvu anamanga nyumba zamatabwa m'malo mwa zisakasa, anathandiza kuyala mipope ya madzi, anakulitsa tchalitchi, anasonkhanitsa ana amasiye. Anakhoma mabokosi a maliro mazanamazana ndipo manda ambiri anakumba yekha. Anatchinga manda ndi mpanda, nakhazikitsa magulu osamalira maliro kuti munthu aliyense aperekezedwe ndi nyimbo ndi ulemu. Abale athu a ku Harare, Bulawayo ndi Johannesburg, amene makolo awo anayambitsa mabungwe a maliro kumigodi ndi kumafamu, safunika kuwafotokozera chifukwa chake munthu wa kuchilendo amayamba waganizira za manda.

Apa pali chotikhudza ife oyimba. Khate likakula limalowa pammero, mawu n'kusasa. Limapinda zala n'kuzifupikitsa. Komabe Damien anakhazikitsa kwaya ndi gulu loimba malipenga ndi zitoliro, ndipo alendo amene ankafika kumeneko ankachoka akusimba za kuimba kwa anthuwo. Tingolingalira mmene kuphunzira nyimbo kunkakhalira m'kwaya imene woimba wodalirika wa chaka chino chaka chamawa mawu amuthera, ndipo chaka chinacho anzake akumuimbira kumanda. M'tchalitchi cha Filomena Woyera, pansi panabooledwa timabowo kuti odwala amene sankatha kusunga malovu azilavuliramo, asachite manyazi n'kuleka kubwera ku Misa. Fungo la zilonda linali loopsa, ndipo Damien anayamba kusuta kaliwo kuti alipirire. Ankadya nawo m'mbale imodzi, ndipo kaliwoyo ankadutsa m'milomo ya ambiri. Madokotala anamuchenjeza, ndipo sitinganene kuti analakwa kumuchenjeza. Iye anaona kuti anthu amene dziko lonse linawanyansidwa sangakhulupirire uthenga wa wansembe woyankhula ataima patali.

Chimene chinamupweteka koposa m'zaka zoyamba ndi kusowa wansembe mnzake womulapitsa. Pa nthawi ina boma linaletsa zotuluka ndi kulowa mwachisawawa, ndipo sitima itafika ndi mkulu wake wa chipani, woyendetsa sitimayo anakana kuti mkuluyo atsike kapena kuti Damien akwere. Damien anapalasa bwato mpaka pafupi ndi sitimayo, naulula machimo ake mofuula m'Chifalansa, amalinyero akumva phokoso lake, nalandira chikhululukiro chochokera pamwamba pa sitima. Ife amene tchalitchi tili nacho pafupi, koma tikuzengereza kulapa kwa Pasaka, nkhaniyi tiisunge.

Mbiri yake itamveka m'manyuzipepala, zopereka zinayamba kufika. Mu 1881 Liliuokalani, mlongo wa Mfumu Kalakaua, anayendera malowo, ndipo pambuyo pake ufumuwo unapatsa Damien mendulo ya ulemu. Ku London, wansembe wa Angilikani, Hugh Chapman, anasonkhetsa ndalama zambiri m'dziko la Apulotesitanti kutumizira wansembe wa Katolika amene sanamuonepo. Koma ndalama sizibwera zokha. Akuluakulu a zaumoyo anaona kuti dziko lapansi likuuzidwa kuti boma silichita kanthu, pamene ufumu waung'onowo unkawononga gawo lalikulu la chuma chake pa malowo. Episkopi watsopano, Ambuye Hermann Koeckemann, ndi mkulu wa chipani, Bambo Léonor Fouesnel, anaona ngati ulemu wonse ukupita kwa munthu mmodzi amene ankagawa mphatso mmene wafunira, ndipo anamulembera makalata owawa. Kunena zoona, madandaulo ena anali ndi maziko. Damien anali wouma mutu, wopsa mtima msanga, wosapirira ndondomeko za maofesi, ndipo ansembe ena amene anatumizidwa kukagwira naye ntchito sanamvane naye. Komabe tikayeza mbali ziwirizi, ife tikuona kuti amene ankalemba makalatawo ali ku Honolulu anamuchitira nkhanza yosafunika munthu amene ankagona ndi kudzuka pakati pa maliro. Aliyense amene anasungapo thumba la chopereka, kaya la kwaya kaya lotumiza kumudzi, akudziwa mmene mphatso yabwino imadzutsira nsanje ndi kukayikirana.

Mu Disembala 1884 anaviika phazi m'madzi otentha kwambiri. Khungu linatuluka matuza, koma iye sanamve kupweteka. Anadziwa tanthauzo lake, ndipo madokotala anatsimikiza. Kuyambira kale ankadziwerengera pamodzi ndi odwala akamawalalikira. Tsopano mawuwo anasanduka thupi lake. Anafulumiza ntchito m'malo moichepetsa. Thandizo limene analilira zaka zambiri linafika kumapeto: Joseph Dutton, msilikali wakale wa ku America, mu 1886, Bambo Louis-Lambert Conrardy mu 1888, ndipo mu Novembala chaka chomwecho, Mayi Marianne Cope ndi asisitere anzawo a chipani cha Fransisko Woyera ochokera ku Syracuse. Mayi Marianne anabweretsa chimene Damien analibe, ukhondo wa chipatala ndi dongosolo. Anatumikira kumeneko mpaka imfa yawo mu 1918 osatenga nthendayo. Damien anagona pamphasa chakumapeto kwa Malichi 1889, nkhope itatupa ndi manja atatha, ndipo anaikidwa pansi pa mtengo womwe uja unamusunga masiku oyamba.

Miseche inamutsata kumanda. M'busa wina wa ku Honolulu, Charles Hyde, analemba kalata yomunyoza kuti anali munthu wauve ndiponso kuti nthendayo anaitenga chifukwa cha chiwerewere, potsata chikhulupiriro cholakwika cha masiku amenewo chogwirizanitsa khate ndi chindoko. Mlembi wotchuka Robert Louis Stevenson, yemwe sanali Mkatolika koma anali atakhalako masiku angapo ku Molokai, anayankha mu 1890 ndi kalata yapoyera imene sinabise zofooka za Damien koma inamuteteza mwamphamvu. Imfa yakeyo inadzutsa mayiko ambiri, ndipo ku London kunakhazikitsidwa thumba la ndalama zofufuzira za khate. M'zaka zotsatira amishoni anatsegula malo osamalira odwala khate m'mayiko ambiri. Kwathu achikulire akukumbukira Mua ndi Utale, komanso ntchito ya bungwe la LEPRA.

Mankhwala oyamba ogwira ntchito anapezeka m'zaka za m'ma 1940, ndipo lamulo lopatula odwala ku Hawaii linathetsedwa mu 1969, anthu pafupifupi 8,000 atatumizidwa kale kumalo aja. Lero khate limachizika ndi mankhwala ophatikiza omwedwa miyezi 6 kapena 12, ndipo kuyambira 1995 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limawapereka kwaulere. Nthendayi sifala msanga, ndipo matupi a anthu ambiri amaigonjetsa okha. Komabe chaka chilichonse anthu pafupifupi 200,000 amapezeka nayo, ndipo amene amalumala kawirikawiri ndi amene anabisala chifukwa cha manyazi. Banga lotuwa pakhungu limene silimva kukhudza liyenera kuonetsedwa kuchipatala msanga, ndipo uwu ndi uthenga woti tiwauze abale tikamaimba foni kumudzi.

Mu 1936 mafupa ake anafukulidwa, boma la Belgium litawapempha. Anthu a ku Kalaupapa analira ndi kudandaula, poti iye mwini anasankha kugona pakati pawo, koma mawu a odwala sanamveke. Bokosi linawoloka nyanja, ndipo linalandiridwa ku Antwerp ndi Mfumu Leopold III lisanakaikidwe ku Leuven. Ife amene timasonkherana ndalama zotumizira maliro kumudzi, ndiponso timakangana ngati munthu amene wakhala kunja zaka 40 kwawo n'kuno kapena n'kumene anabadwira, tikumvetsa mbali zonse ziwiri. Papa Yohane Paulo II anamutcha Wodala ku Brussels pa 4 Juni 1995, ndipo Papa Benedikito XVI anamulengeza Woyera pa 11 Okutobala 2009. Mpingo umamukumbukira pa 10 Meyi, tsiku limene anaponda pa Molokai. Chaka chomwecho cha 1995, mafupa a dzanja lake lamanja anabwezedwa ku Kalawao n'kuikidwa m'manda ake oyamba aja, pambali pa tchalitchi cha Filomena Woyera.