Don Bosco: wansembe amene ankayambira pamasewero

Makolo ndi atsogoleri ambiri a mipingo akudandaula kuti magemu a pafoni ndi pa PlayStation awalanda ana. Mnyamata amatha kuchezera usiku wonse pa FIFA kapena PUBG, kukacha Lamulungu tulo lokhalokha, kutchalitchi osapita. Komatu aliponso achinyamata ena opemphera amene akuti m'magemu momwemo ndimo akupezera mpata wouza anzawo za Mulungu. Akuluakulu ena akamva izi amangoti n'zachibwana.

Mkangano umenewu si wa lero. Zaka pafupifupi 200 zapitazo, ku Italy kudali munthu amene ankakopa anzake kumapemphero kudzera m'masewero, ndipo naye adanenedwa. Dzina lake Giovanni Bosco, amene ambiri timamudziwa kuti Don Bosco.

Iye adabadwa pa 16 August 1815 m'kamudzi ka Becchi, m'chigawo cha Piedmont. Bambo ake adamwalira mu 1817 iye asadakwanitse zaka ziwiri, kotero adaleredwa ndi mayi ake, Margherita Occhiena, muumphawi wadzaoneni. Nthawi imeneyo chisangalalo cha anthu akumudzi chidali akatswiri oyendayenda amene ankaonetsa masewero pamasiku a msika. Kamnyamatako kankaima patsogolo n'kumaonetsetsa, kakabwerera kumudzi n'kumayeserera. Kugwa kankagwa, koma mapeto ake kadadziwa kuyenda pachingwe, kupidiguka, ndi masewero a manja ozunguza maso.

Lamulungu masana ankamanga chingwe pakati pa mitengo iwiri, anthu n'kusonkhana. Asadakwere pachingwepo ankawapempha kuti ayambe apemphera kolona, kenaka n'kuwabwerezera ulaliki umene adamva m'mawa kutchalitchi. Aliyense ankadziwiratu kuti pamenepa pali pemphero, palinso masewero. Padalibe chobisa.

Sukulu idamuvuta chifukwa mkulu wake Antonio ankafuna kuti azigwira ntchito kumunda. Mkanganowo udakula mpaka Giovanni adachoka pakhomo akadali mwana kukagwira ganyu pamunda wa banja lina. Pambuyo pake adakaphunzira m'tauni ya Chieri, komwe ankadzilipirira ndi maganyu a utelala komanso kuperekera zakumwa m'nyumba yodyera. Kumeneko adayambitsa kagulu ka anzake ka chisangalalo, kamene malamulo ake adali kupewa zoipa, kulimbikira sukulu ndi kupemphera.

Ku Chieri komweko kudabwera katswiri wina amene ankaonetsa masewero nthawi ya mapemphero, anyamata n'kumathawa kutchalitchi. Giovanni sadapite kukamudandaulira kwa akuluakulu. Adapikisana naye pa kuthamanga, kudumpha ngalande, kuseweretsa ndodo ndi kukwera mtengo, ndipo adamugonjetsa ponseponse. Ndalama zimene adapata pampikisanowo adamubwezera, atagwirizana kuti katswiriyo awagulire chakudya iye ndi anzake. Luso lake lidafika poti ena adayamba kumuganizira zamatsenga, mpaka wansembe wamkulu adamuitana kuti amufunse. Malinga ndi zomwe Bosco mwiniwake adalemba, ali mkati mofunsidwa adasowetsa wotchi ndi kachikwama ka wansembeyo, kenaka n'kumuonetsa momwe wachitira. Nkhani idathera kuseka.

Adadzozedwa unsembe pa 5 June 1841 mumzinda wa Turin. Mzindawo unkakula msanga, ndipo anyamata ambiri ankachoka kumidzi kudzasaka ntchito, ambiri n'kuthera mumsewu. Mphunzitsi wake, Giuseppe Cafasso, adamutengera kundende, komwe adapeza anyamata a zaka 12 mpaka 18 ali mbuu, nsabwe zili thoo, opanda wowayendera. Zidamukhudza kwambiri. Adaona kuti ambiri mwa iwo sakadafika kumeneko akadakhala ndi mnzawo wowasamala kunja.

Pa 8 December chaka chomwecho adakumana ndi mnyamata wamasiye, Bartolomeo Garelli, amene wosamala m'tchalitchi ankamupirikitsa chifukwa sankadziwa kutumikira pa Misa. Bosco adamuitana, adacheza naye, n'kumuuza kuti sabata yotsatira abwere ndi anzake. Umo ndi momwe idayambira Oratory, malo amene anyamata ankasonkhana kudzasewera, kuimba, kuphunzira ndi kupemphera.

Sizidayende mophweka. Gululo lidathamangitsidwa malo angapo chifukwa cha phokoso. Ansembe anzake ena ankati akuchotsa ana m'maparishi awo, ena ankati mutu wake sukuyenda bwino. Nanga wansembe wanji wothamangitsana ndi ana a mumsewu mkanjo uli petupetu? Mu April 1846 adapeza kashedi ku Valdocco, m'mphepete mwa Turin, ndipo adakhazikika. Kumapeto kwa chaka chomwecho mayi ake adasiya mudzi kudzamuthandiza kuphikira ndi kusokera anyamatawo, mpaka pomwe adamwalira mu 1856.

Apa mpamene pagona nkhani. Bosco sadalekere pamasewero. Mnyamata amene wasewera naye masana ankafuna kudziwa kuti usiku agona kuti, wadya chiyani, bwana wake akumulipira bwanji. Adatsegula malo ogona, sukulu yamadzulo, ndiponso kuyambira mu 1853 malo ophunzirira kusoka nsapato ndi zovala, kenaka ukalipentala ndi kusindikiza mabuku. Ankalemberana mapangano ndi mabwana oteteza anyamata ophunzira ntchito kuti asamamenyedwe komanso azipuma. Kolera itabuka ku Turin mu 1854, anyamata omwewo adadzipereka kusamalira odwala.

Mu 1859 adayambitsa chipani cha Asalesiani, ndipo mu 1872, mothandizana ndi Maria Mazzarello, adayambitsanso cha masisitere osamalira atsikana. Kaleredwe kake kadatsamira pa zinthu zitatu: kulankhulana mwanzeru, chipembedzo ndi chikondi, m'malo mwa chikwapu. Atakalamba, m'kalata ya mu 1884 yochokera ku Rome, adadandaula kuti omuthandiza ake ayamba kuimirira patali nthawi yamasewero ngati alonda. Adawakumbutsa kuti mwana amamvera munthu amene wayamba wakonda zimene mwanayo amakonda.

Adamwalira pa 31 January 1888 ali ndi zaka 72, ndipo Papa Pius XI adamulengeza kukhala woyera mu 1934. Ntchito yake idafika ndi kuno kwathu: ku Area 23 mumzinda wa Lilongwe kuli sukulu ya ntchito zamanja yodziwika ndi dzina lake.

Tsono wachinyamata amene akufuna kugawana chikhulupiriro ndi anzake pa Minecraft kapena pa FIFA angatolepo chiyani? Choyamba, Bosco ankasewera zenizeni, ndipo ankadziwa kusewera. Anzako amazindikira msanga ngati wabwera kudzacheza nawo kapena wangoika gemu ngati nyambo pambedza. Chachiwiri, sankabisa chimene iye ali. Chachitatu, khalidwe lake pamasewero ndilo lidali ulaliki woyamba. Munthu amene akagonja amatukwana ndi kuponya foni, mawu a m'Baibulo akatuluka pakamwa pake amveka bwanji?

Kusiyana kulipo ndithu. Chingwe cha Bosco chinkamasulidwa dzuwa likamalowa, pomwe magemu ambiri a lero adapangidwa kuti munthu asafune kuleka, ndipo amadya nthawi ndi ndalama za bandulo. Wopita kukaweza anzake akhoza kuwezedwa yekha. N'chifukwa chake funso lalikulu limabwera gemu ikatha: kodi mnzako uja ukudziwa kuti wasiya sukulu chifukwa cha fizi? Ukudziwa kuti kwawo kwagwa maliro?

Kwa makolo ndi abusa, m'mera mpoyamba. Kulanda foni n'kosavuta, koma musadatero, tayambani mwakhala pambali pa mwanayo mumufunse kuti gemuyo amasewera bwanji ndipo amasewera ndi ndani. Mwina mudzamva zambiri kuposa zimene akadakuuzani mutamukalipira.