Mbiri ya Robert Bosch, mwini dzina la pa pulagi

Aliyense amene anakankhapo motoka m'mamawa mwezi wa Juni pa Kapata, kapena kugona pa Kacholola cifukwa malaiti a basi azima, adziwa kuti bvuto la magetsi lisautsa kupambana la tayala. Tayala likaphulika limaoneka ndi maso. Koma waya ikadukira mkati, motoka ingokhala duu, ndipo amuna asanu azungulira boneti, aliyense ndi matenda ake amene awaganizira. Lero tifuna tikambeko za munthu amene dzina lake timaliwerenga pa mapulagi, pa mabatire ndi pa mapampu a dizilo, ambiri a ife osadziwa kuti linali dzina la munthu weniweni, mkulu wa ndevu zake.

Robert Bosch anabadwa pa 23 Sepitembala 1861 m'mudzi wa Albeck, pafupi ndi mzinda wa Ulm m'dziko la Germany. Pa ana 12 a m'nyumba mwao iye anali wa nambala 11. Atate ake, a Servatius Bosch, anali mlimi wopeza bwino, ndipo analinso ndi nyumba yogona alendo m'mbali mwa mseu. Kusukulu mnyamatayu sanali wodabwitsa. Kuyambira 1876 kufikira 1879 anaphunzira nchito ya umakanika wa tizipangizo ting'onoting'ono ku Ulm, ndipo anacokako wosakhutira, poona kuti mwini shopu sanamuphunzitse zokwanira. Anyamata athu amene atha zaka zitatu m'garaji akungotsuka masipana ndi kutumidwa kukagula nsima angamvetse bwino mtima wake.

Zitatero anayamba kuyendayenda kufuna luso. Mu 1884 anaoloka nyanja kupita ku New York, kumene anagwirako nchito m'fakitale ya Thomas Edison, ndipo caka cotsatira anali ku England, ku kampani ya Siemens Brothers. Atabwerera kwao anatsegula shopu yake ku Stuttgart pa 15 Novembala 1886, ndi ndalama za cuma ca masiye cimene atate ake anamusiyira. Anchito anali awiri cabe, mmisiri mmodzi ndi kamnyamata kotuma. Nchito inali iliyonse imene yabwera: kuika matelefoni, mabelu a magetsi a pakhomo, kukonza ici ndi ico. Kuyambira 1890 anali kuyendera makasitomala ake pa njinga, cinthu cimene ife a ku Chipata sitingaciseke. Zaka zoyambazo zinali zowawa, ndipo mu 1892 ndalama zitamuthera anacotsa pafupifupi anchito ake onse.

Cimene cinamuukitsa ndi cipangizo cochedwa magneto. Injini ya petulo ifuna moto wotentha mafuta mkati mwa silinda pa nthawi yake yeniyeni. Masiku amenewo injini zambiri, kuphatikizapo za Gottlieb Daimler, zinali ndi kapaipi kamene kanali kutenthedwa ndi lawi la moto kunja kwa injini. Tangoganizani kuyenda ndi lawi losazima pafupi ndi petulo. Magneto ndi maginito ndi waya wokulungidwa, ndipo ikamayenda ipanga yokha magetsi popanda batire. Bosch sindiye anayamba kuiganiza. Mu 1887 kasitomala wina anamupempha kuti amupangire yofanana ndi imene inali pa injini za kampani ya Deutz, iye naipanga ndi kuiwongolera. Koma inali ya injini zokhala pamalo amodzi, zoyenda pang'onopang'ono.

Mu 1897, miyezi yocepa nkhondo ya Angoni a Mpezeni ndi azungu isanabuke kuno kwathu, Mngelezi wina dzina lake Frederick Simms anamutumizira kamotoka ka mawilo atatu ka De Dion-Bouton kuti akaike magneto. Injini yake inali kuzungulira msanga kwambiri kwakuti magneto yakale siikanakwanitsa. Amene anapeza nzeru anali kapitao wa m'shopu, Arnold Zähringer: m'malo moyendetsa cigawo colemera cokhala ndi waya, anaika kacitsulo kopepuka koyenda pakati pa waya ndi maginito. Mu 1902 injiniya wina, Gottlob Honold, amene kale anali wophunzira nchito m'shopu momwemo, anapanga magneto ya mphamvu yaikulu yotumiza magetsi pa waya kupita ku pulagi. Kanthethe ka moto kamene kalumpha pa kampata kocepera milimita imodzi kumapeto kwa pulagi, ndi mphamvu yoposa mavoti 10,000, ndiko kanamulemeretsa. Ife tiona kuti apa ndi pamene pali ukulu wa Bosch. Zinthu ziwiri zimene zinachukitsa dzina lake anazipeza ndi anchito ake. Luso lake linali kudziwa munthu waluso, kumusunga, ndi kukana kutulutsa katundu amene sanayesedwe bwino. Kainjini ka pampu yothirira kudimba kapena ka jenereta yaing'ono kayaka ndi magneto mpaka lero.

Nkhani ya mpikisano wa 1903 ndi yokoma kwa okonda liwiro. Caka cimeneco mpikisano waukulu wa Gordon Bennett unacitikira ku Ireland pa 2 Julaye. Kampani ya Daimler inali itakonza motoka zapadera za mpikisano za mphamvu ya mahachi 90, koma mwezi wa Juni fakitale yao ya ku Cannstatt inapsa, motoka zija nkupsera momwemo. Posowa cocita anatenga Mercedes za mahachi 60, zimene zinapangidwira anthu olemera kuti aziyendera pamseu, nazicotsa zolemera zonse. Camille Jenatzy wa ku Belgium, wa ndevu zofiira, anapambana ndi imodzi mwa izo pa mtunda woposa makilomita 500, ndipo moto wa injini yake unali wa magneto ya Bosch. Motoka ya pamseu inagonjetsa motoka zopangidwira mpikisano, ndipo zambiri zinafera m'njira. Pambuyo pake kampani ya Bosch inayamba kuika pa zithunzi zake zamalonda munthu wobvala zofiira wofanana ndi Jenatzy, maoda nkuyamba kubwera kucokera kulikonse. Pofika 1906 katundu wa Bosch anali ndi womugulitsa ku Johannesburg.

Tikumbukire kuti mpikisano wa masiku amenewo unali kucitikira pa miseu wamba ya fumbi ndi mabampu, yofanana ndi ya rally imene Satwant Singh wathu anatengerapo ukatswiri wa Africa kasanu ndi katatu. Pa mseu wotero kuthamanga pakokha sikupindula. Waya imodzi ikamasuka ndi kugwedezeka, injini ya mahachi ambirimbiri isanduka katundu.

Mu 1913 kampaniyo inatulutsa malaiti a motoka pamodzi ndi zonse zowayendetsa: dainamo, batire ndi regyuleta. Mu 1914 inatulutsa sitata, patapita zaka ziwiri kucokera pamene Charles Kettering anaika yake pa Cadillac ku America. Kale motoka inali kulizidwa ndi hendulo kutsogolo, ndipo injini ikabweza inali kuthyola anthu mikono. Huta inabwera mu 1921, mawaipa mu 1926, ndipo pampu ya dizilo, imene inatheketsa malole a dizilo kuculuka pamseu, inayamba kupangidwa yambiri mu 1927.

Apa tiimeko pang'ono, cifukwa dongosolo la 1913 ndilo likali pansi pa boneti, kungoti pamalo pa dainamo pali olotaneta. Magetsi acoka ku batire, apita ku cipangizo, ndipo ayenera kubwerera kudzera m'citsulo ca motoka. Njira yobwererayi, imene amakanika aicha efi, ndiyo ambiri aiwala. Batire yabwino, injini itazima, ionetsa mavoti pafupifupi 12.6 pa mita. Injini ikalira iyenera kuonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.4, ndipo ikakhala pa 12 pomwepo ndiye kuti olotaneta siichaja, kapena lamba wake wamasuka. Mukapotoza kiyi nkumva kuti tha, malaiti nkufooka, yambani mwaona mitu ya batire ngati yamera zoyera kapena zobiriwira, ndi waya ya efi ngati yagwira bwino, musanalole munthu kumasula sitata. Pulagi nayo imanena zoona: yakuda ndi mwaye ionetsa kuti petulo yaculuka, yonyowa ndi oilo ionetsa kuti injini yatha mkati, yoyera mbuu ionetsa kutentha kopitirira. Zonsezi kamita kochipa ndi maso zikwanira. Koma taona kambiri munthu akugulitsidwa batire yatsopano pamene bvuto linali nati imodzi ya dzimbiri.

Cimene citikwiyitsa kopambana ndi nkhani ya fyuzi. Fyuzi inapangidwa kuti ife ndiyo, motoka ipulumuke. Ikapsa kawiri ndiye kuti pena pake waya yasupuka ndipo ikhudza citsulo. Kumangapo kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya ndi kuitana moto, ndipo minibasi yodzala anthu pa mapiri a Manenekela si malo oyeserapo zimenezi. Bosch anali kukhulupirira kuti kuluza ndalama kuli bwino kusiyana ndi kuluza cikhulupiriro ca kasitomala. Ndiye cifukwa cake kuyambira 1921, poyambira ku Hamburg, kampaniyo inakhazikitsa magaraji obvomerezeka okhala ndi amisiri ophunzitsidwa. Nzomvetsa cisoni kuti lero dzina lomwelo ndi limodzi mwa maina amene akuba amadinda pa mabokosi a mapulagi abodza.

Kwa anchito ake anali bwana wacilendo pa nthawiyo. Mu 1906 anakhazikitsa maola 8 a nchito patsiku, pamene mafakitale ambiri anali kugwiritsa anthu maola 10 kapena kuposa, ndipo mu 1910 anawapatsa mpumulo Loweruka masana. Malipiro ake anali apamwamba, kotero kuti eni mafakitale anzake anamupatsa dzina lomunyoza lomuyerekeza ndi a sosholizimu. Sanacite izi cifukwa ca cifundo cokha. Anawerengera kuti munthu wotopa alakwitsa, ndipo magneto yolakwika ibwerera ndi manyazi. Komanso sanali mngelo. Anali wamtima wapacala, wosalola ngakhale laiti kuyaka pacabe, ndipo mu 1913 anchito atanyanyala nchito iye anatseka fakitale kwa milungu ingapo osagonja.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inamulanda misika. Isanayambe, pafupifupi magawo 9 pa 10 a katundu wake anali kugulitsidwa kunja kwa Germany, ndipo cuma ca kampaniyo ku America cinalandidwa ndi boma la kumeneko. Anapanga phindu lalikulu pogulitsa magneto ku asilikali, koma ndalama za nkhondozo sizinamukhalire bwino mumtima, ndipo anapereka mamiliyoni ambiri ku nchito zothandiza anthu, zambiri mwa izo zokumbira ngalande ya mtsinje wa Neckar. Kunyumba nako kunali maliro. Mwana wake wamwamuna, Robert, amene anali kuyembekezeka kutenga kampani, anamwalira mu 1921 atadwala zaka zambiri matenda oumitsa ziwalo. Ukwati wake ndi mai Anna Kayser sunapirire cisonico, ndipo mu 1927 anakwatira Margarete Wörz, amene anabereka naye ana awiri.

Zaka zake zomaliza ndizo zobvuta kuziweruza. Bosch anali kufuna mtendere pakati pa Germany ndi France, ndipo cipani ca Adolf Hitler sanacikonde. Iye ndi womutsatira pa utsogoleri, Hans Walz, anathandiza Ayuda ozunzidwa ndi ndalama ndi nchito, ndipo Walz analemekezedwa ku Israel cifukwa ca ici mu 1969. Mu 1937 kampaniyo inalemba Carl Goerdeler ngati mlangizi, zimene zinamupatsa mpata woyenda maiko kukonza zotsutsa Hitler, mpaka boma linamupha mu 1945. Koma kampani yomweyo inali kupanga zipangizo za ndeke ndi akasinja a Hitler, ndipo m'mafakitale ake munagwira anthu zikwizikwi ogwidwa ukapolo m'maiko ogonjetsedwa. Ife sitiona cifukwa cobisira mbali imeneyi. Amene anagwira nchito yokakamizidwa kumeneko maola 8 a 1906 sanawadziwe.

Mu 1940 anatsegula cipatala cimene anamangira mzinda wa Stuttgart, cimene cikali kudziwika ndi dzina lake. Anamwalira pa 12 Marichi 1942 ali ndi zaka 80, ndipo boma limene sanalifune linalanda maliro ake nkuwasandutsa maliro a boma. M'wilo yake analamula kuti phindu la kampani lizithandiza anthu. Mu 1964 olowa m'malo anakhazikitsa bungwe la Robert Bosch Stiftung, limene lili ndi masheya oposa 90 pa 100 alionse a kampaniyo, ndipo gawo la phindu lipita ku zaumoyo, maphunziro ndi sayansi.

Patapita zaka 12 iye atamwalira, pampu yake ya dizilo inabala mwana. Mu 1954 Mercedes inatulutsa motoka ziwiri zopopera petulo mwacindunji m'silinda ndi zipangizo za Bosch: W196 ya mpikisano, imene Juan Manuel Fangio anatengera ukatswiri wa dziko lonse mu 1954 ndi 1955, ndi 300 SL ya pamseu, ya zitseko zotsegukira kumwamba. Ya pamseuyi inali ndi mahachi 215, kuposa motoka ya mpikisano ya 1952 imene inacokerako, yomwe inali ndi makabyureta. Zonse ziwiri nzokongola, ngakhale kuti pa mseu wa ku Vubwi nthawi ya dzinja ngolo ya ng'ombe ingazisiye kumbuyo.

Ena adzati motoka zathu zambiri ndi za ku Japan, ndipo pa olotaneta ya Corolla palembedwa Denso. Nzoona. Kampani imeneyo inapatuka ku Toyota mu 1949, ndipo mu 1953 inasaina pangano ndi Bosch lophunzira luso la zamagetsi a motoka ku Stuttgart.