Mbiri ya Hugh Tracey, Wosunga Nyimbo za Makolo

Akuru a kuno ku nyanja akumbukira masiku aja pamene anyamata a ku Chintheche, ku Kande, ku Mpamba ndi ku Usisya anali kubwera kucokera ku nchito ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg. M'katundu wao munali masuti, nsapato ndi nsaru za amai. Koma cimene cinasonkhanitsa mudzi wonse madzulo ndico galamafoni. Mwini wace anapukusa cogwirira, naika singano pa mbale yakuda, ndipo m'bokosimo munaturuka mau a anthu osaoneka, kotero kuti ana anasuzumira kumbuyo kufuna woyimbayo. Mbali imodzi ya mbale inayimba mphindi zitatu zokha, singano inafuna kusintha kawiri kawiri, ndipo mbale ikagwa pansi inasweka ngati phale. Nyimbo zace zinali za Azungu, za Azulu ndi za magitala a ku America, koma za kwathu kuno zinasowa. Mwezi uno tifuna kukamba mbiri ya munthu amene anapereka moyo wace wonse kuti nyimbo za m'midzi ya Africa, ndi zathu zomwe, zilowe nazo m'mbalemo.

Hugh Tracey anabadwa pa 29 January 1903 m'mudzi wa Willand, m'dera la Devon, ku England. Atate wace anali dotolo. Itatha nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918, mkuru wace Leonard analandira munda ku Southern Rhodesia, dziko limene lero lichedwa Zimbabwe, ndipo Hugh, akali mnyamata, anamtsata kukalima naye fodya pakati pa Akaranga. Kumeneko anagwira nchito m'munda pamodzi ndi anthu a m'dzikomo, naphunzira Cikaranga, namva nyimbo zao za polima, za popuntha ndi za madzulo pa moto. Azungu anzace anaziyesa phokoso cabe. Iye anachera khutu, nazindikira kuti ziri ndi malamulo ao, ndi nzeru, ndi kukoma kwace. Anaonanso kuti nyimbo yosalembedwa ikhala m'kamwa mwa mwini wace mokha, ndipo tsiku limene amuika m'manda, nyimbo ilowa naye.

M'caka ca 1929 akatswiri a kampani ya Columbia anafika ku Johannesburg ndi makina ao ogwira mau. Tracey anatenga amuna 14 a Cikaranga, nayenda nao ulendo wautali kufikira kumeneko, ndipo nyimbo zao zinalowa m'mbale. M'caka ca 1931 anakomana ku London ndi opeka nyimbo awiri omveka, Ralph Vaughan Williams ndi Gustav Holst. Iwo anamlangiza kuti asataye nthawi ndi kutsutsana za nyimbozo, koma afulumire kuzisonkhanitsa zambiri monga angathe, eni ace akali moyo. Langizo limeneli analisunga kufikira imfa yace. Ndi thandizo la ndalama za Carnegie anayendayenda m'midzi ya Southern Rhodesia, nagwira nyimbo mazana pa mbale za citsulo copepuka. Pambuyo pace anagwira nchito ya wailesi ku Durban, koma mtima wace unali kumidzi. Anakondana kwambiri ndi Acopi a ku Mozambique, oomba timbila, zimene zifanana ndi mangolongondo koma ziombedwa zambiri pamodzi, ndipo m'caka ca 1948 anaturutsa buku lonena za iwo.

Itatha nkhondo yaciwiri anasiya nchito ya wailesi, nayamba maulendo akuru. Eric Gallo, mwini kampani ya mbale ku Johannesburg, anamthandiza pa ciyambi. Anayenda ndi magalimoto odzala makina m'miseu ya fumbi ndi matope, kufikira ku Congo, Uganda, Kenya, Tanganyika ndi Zanzibar. Macitidwe ace anali otere. Akafika pa mudzi, injini yopatsa magetsi anaiimika kutali, kuti kulira kwace kusalowe m'nyimbo, nakoka cingwe cacitali kufikira pa bwalo. Cogwirira mau sanaciimike pa mtengo ai, koma anacigwira m'dzanja, nayenda naco pakati pa oyimba: tsopano kwa wotsogolera, tsopano kwa olandira, tsopano kwa ng'oma, kuti womvera pambuyo pace amve yense pa nthawi yace. Analemba pa kapepala dzina la woyimba, cinenero, malo, tsiku ndi tanthauzo la mau. Ndipo anali ndi tizitsulo tolira timene anayesera mau a kalimba ndi a zeze. Atatha, anawabwezera anthu nyimbo yao kuti aimve. Ambiri anamva mau a iwo okha nthawi yoyamba tsiku limenelo, ena naseka, ena nagwira pakamwa.

Kuno kwathu, m'masiku amene dziko linachedwa Nyasaland, anagwira nyimbo za Atonga, Atumbuka, Acewa, Amang'anja, Ayao ndi ena, makamaka m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958. M'zimene anasunga muli nyimbo za anthu a dera la Chintheche. Muli malipenga, gule uja amene makolo athu anampeka ataona asilikari akuguba ndi malipenga a mkuwa, iwo natenga zikho, nazimata kacikopa koyera ka kangaude, naziliza ndi mau a pakhosi. Muli bangwe, woyimba ali yekha ndi zingwe zace, kudandaula za umphawi, za mkazi, ndi za macona amene anapita ku nchito osabweranso. Analowanso m'makomboni a migodi ya mkuwa ku Northern Rhodesia, kumene anthu a mitundu yambiri anakhala pamodzi, yense ndi nyimbo za kwao.

Tisaganize kuti anapeza anthu osadziwa galamafoni. M'caka ca 1950, pakati pa Akipsigis a ku Kenya, anagwira nyimbo yochedwa Chemirocha, ndipo dzinalo ndilo Jimmie Rodgers, woyimba gitala wa ku America amene anafa m'caka ca 1933. Mbale zace zinafika kumeneko, anthu nazikonda, nampekera nyimbo m'cinenero cao ndi pa zingwe zao. M'caka ca 1952 anapeza ku Congo mnyamata dzina lace Jean Bosco Mwenda alikuomba gitala, ndipo nyimbo yace Masanga inamveka kufikira ku Ulaya. Potero tiona kuti nyimbo iyenda ngati madzi a m'nyanja, yosafunsa malire. Ndipo munthu wakumva za eni ena sataya zace cifukwa ca kumvako, akakhala wozidziwa zace poyamba.

M'caka ca 1954 Tracey anakhazika nyumba yosungiramo nyimbo ku Roodepoort, pafupi ndi Johannesburg, naicha International Library of African Music. Kumeneko anakonza mbale 210 za mtundu watsopano, zoyimba nthawi yaitali, zimene anazicha Sound of Africa, ndi zina 25 zochedwa Music of Africa. Anayambanso kupanga kalimba wogulitsa, amene lero aombedwa m'maiko ambiri ndi anthu osadziwa kumene anacokera.

Sitifuna kumyesa munthu wopanda cirema, pakuti mbiri yobisa zolakwa siphunzitsa. Ndalama zina za nchito yace zinacokera kwa makampani a migodi, omwewo amene anacotsa amuna m'midzi ndi kusiya akazi alikulima okha. Iye anakonda nyimbo zakale koposa za m'matauni, nafuna kuti mtundu uli wonse ukhale ndi zace pa wokha. Ndipo maganizo otere sanatsutsane ndi boma la tsankho la ku South Africa, kumene anakhala. Mbale zace zambiri zinapita ku masukulu akuru a ku Ulaya ndi ku America, koma ku midzi kumene nyimbo zinabadwira sizinabwerere. Dzina lace linamveka; maina a oyimba anatsala pa timapepala.

Koma ifenso tiri ndi mlandu wathu. Tracey anadandaula kuti masukulu ndi misyoni zinaphunzitsa ana kucita manyazi ndi nyimbo za makolo ao, ndi kuyesa kuti cokoma ndico cocokera kutsidya kwa nyanja cokha. Pa ici ananena zoona pang'ono, ngakhale si monse, pakuti ku Loudon, kumene ndi ku Embangweni, Donald Fraser analimbikitsa Angoni kupeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe ao, ndipo ziyimbidwa kufikira lero. Komabe ziripo nyimbo zambiri za pa mtondo, za m'bwato ndi za pokoka khoka zimene tinazileka ife tokha, popanda wotiletsa.

Hugh Tracey anamwalira pa 23 October 1977 pa munda wace pafupi ndi Krugersdorp, ali ndi zaka 74. M'caka ca 1978 mwana wace Andrew anasamutsa nyumba ya nyimbo ija kunka ku Rhodes University, mu mzinda wa Grahamstown, umene tsopano uchedwa Makhanda. Nyimbozo anazisamutsira m'makompyuta kuti zisaonongeke, ndipo zina anayamba kuzibwezera ku midzi ya eni ace.

Tsono ife titani? Galamafoni yopukusa inatha. M'malo mwace munalowa wailesi, makaseti, ndipo lero foni ya m'thumba isenza nyimbo zoposa zimene mudzi wonse unamva m'zaka khumi. Timva za ku Congo, za ku Jamaica, za makwaya, za magitala, ndipo sitinena kuti nkoipa. Koma mwa ife alipo adzukulu a amuna aja amene anaima pa mcenga m'caka ca 1950, ataphula malaya oyera m'bokosi, nayimba pamaso pa mlendo; ndipo adzukuluwo sanamve mau a agogo ao ndi kale lomwe. Mau a akuru akoma akagonera. Tipempha aphunzitsi ndi ana athu ophunzira kuti afunefune nyimbo zimenezi, aziimbitse pa sukulu ndi pa bwalo, nkhalamba zikali ndi ife zakutha kunena kuti uyu ndi uje, mwana wa uje. Ndipo amene ali ndi foni, asadikire mlendo wina wocokera ku England. Apite madzulo ano kwa agogo ace, awapemphe nyimbo imodzi, alembe dzina lao, mudzi wao ndi tsiku lace.